Mapaipi Pansi pa Mizere ya Mbatata

Nyumba imene Lonah ankakhalamo ku Maramba, m'tauni ya Livingstone, inali yowola, ndipo kuwolako ndi kumene kunkamusunga m'menemo. Iye ankazidziwa bwino zimenezi. Inali nyumba yakale ya khonsolo, yomangidwa atsamunda asanapakire, ya zipinda zitatu, bafa ndi chimbudzi chamadzi cham'kati. Mapaipi ake anali achitsulo, ndipo chiwaikireni palibe amene anawakhudzapo. Ukatsegula mpopi unkayamba watsokomola, kenako n'kulavula madzi ofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Masiku ena madziwo ankabwera ndi kafungo kosatchulika anthu akudya. Pansi pa simenti panali paipi ina yodontha, moti khoma la kuchipinda linkakhala lonyowa ngakhale m'chilimwe.

Mwamuna wake, malemu Mweemba, anagula nyumbayo chaka chimene boma linalola anthu kugula nyumba zomwe ankachita lendi. Anapha nkhuku tsiku limenelo, n'kulonjeza kuti mapaipi onse adzawazula. Sanawazule. Anadwala, anaonda, anapita. Abale ake anabwera pa lole kuchokera ku Kalomo, analira mokweza ndithu, ndipo atapukuta misozi ananyamula bedi, wailesi, mipando, njinga, mpaka nsapato zimene malemuyo anavala pa ukwati. Anasankha mng'ono wake wa malemuyo, Rodwell, kuti ayang'anire chuma chamasiye, mapepala a nyumba n'kulowa m'chikwama chake. Lamulo loteteza akazi amasiye akuti linalipo, koma linkakhala ku Lusaka, ndipo ku Maramba silinkayendako kawirikawiri.

Rodwell ankayendetsa lole ya kampani ina ya kumsewu wa Nakatindi, yotengera alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Zaka zimenezo mafakitale m'tauniyo ankangotsekedwa, koma kunayamba kubwera azungu achinyamata obereka zikwama zazikulu, ofuna pogona potchipa. Aliyense wokhala ndi nyumba ya chimbudzi chamadzi anayamba kulota mabedi osanjikiza. Rodwell sanali munthu woti ungamuloze kuti uyu ndi wankhanza. Ankaseka bwino, ana ankawabweretsera masiwiti. Kungoti akaona chinthu, ankayamba waganiza kuti chingamubalire chiyani.

Maliro a mkulu wake atatha, anayendera nyumba yonse. Anagwira khoma lonyowa lija, anasuzumira kuchimbudzi n'kubwerera chafutambuyo, kenako anatsegula mpopi wa kukhitchini n'kutchera dzanja. Ananunkhiza, n'kupukutira pa buluku.

"Awe mulamu, iyi nyumba ni yovunda," anatero. "Muzungu sangagone muno, angatimangise. Nkalani chabe, muzisunga nyumba na bana. Siku nikapeza ndalama ya mapaipi, tizakambisana."

Lonah sanali mwana. Anamva kuti kukambirana kwakeko kudzakhala kwa munthu mmodzi, winayo akumanga katundu. Kuyambira pamenepo Rodwell ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo asanamalize n'komwe kupereka moni ankakhala atafika kale pampopi. Madzi ofiira akatuluka ankapukusa mutu, Lonah mtima n'kukhala pansi. Sindikudziwa ngati alipo mkazi wina amene anapempherapo kuti dzimbiri lisathe m'nyumba mwake, koma Lonah ankatero.

Madzi akumwa ankakatunga kwa Agatha, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo. Agatha anali Mbemba wa ku Kabwe, anabwera ndi mwamuna wa ntchito ya njanji amene anamusiya kalekale, ndipo ankadzidyetsa ndi zitumbuwa zimene ankagulitsa pamsewu. Mawu ake ankamveka nyumba ya chitatu. Madzi ake nawonso anali ofiirira, koma analibe fungo lija, ndipo sanamumanepo Lonah ngakhale tsiku limodzi. Akamuona akubwera ndi ndowa ankakuwa ali patali, "Tapani, bamake Chabota, manzi ni ya Mulungu!"

Koma Lonah ankaswera kumsika kugulitsa matimati, ndipo ludzu la mwana silidikira mayi. Anali ndi ana awiri: Chabota, mtsikana amene anali atangoyamba sukulu, ndi Lemmy, kamnyamata kongoyamba kuyenda. Ndowa ikauma, Chabota ankatsegula mpopi, kumwa, n'kumwetsa mlongo wake. M'dzinja Lemmy anatsegula m'mimba. Anafooka msangamsanga, ndipo anatsirizika ali kumbuyo kwa mayi ake, pamzere wa kuchipatala. Namwino anangofunsa kuti kunyumba amamwa madzi otani. Yankho Lonah ankalidziwa kuyambira kale.

Mvula itatha, Chabota naye anayamba kugwira pamimba. Usiku ankatsokomola chifukwa cha khoma lija. Lonah ankamuyang'ana akuvala yunifolomu imene inayamba kumukulira, mantha n'kumugwira. Akakonza mapaipi, nyumba ipita. Akawasiya, mwana apita. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: tsiku lina anasiyira mnzake matimati n'kupita kukafuna Inambao.

Inambao anali Mlozi wamtali, wa imvi, pulambala amene anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake ambiri. Tsopano ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi sitolo ya zitsulo, sipanala yake yaikulu ili pamiyendo, kudikira ganyu. Anali mnzake wa malemu Mweemba. Atafika kunyumbako anakumba pang'ono kuseri, n'kumuonetsa Lonah chimene chinkachitika: paipi ya madzi inali yobooka, ndipo inagona pambali pa paipi yosweka ya kuchimbudzi. Madzi akasiya kutuluka, paipi yobookayo inkayamwa zimene zinali pafupi.

"Yonse ifunika kuchoka," anatero Inambao. "Kuyambila pa mita paka ku toileti. Kupachika-pachika sikungatandize."

"Chosani yonse, ba Inambao. Koma pasapezeke muntu oziba."

Inambao anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonse nasebenza, bantu bafuna ma neba baone. Imwe mufuna nchito yobisa monga mimba ya mwana wa sikulu?"

Lonah anamufotokozera za Rodwell. Inambao anasiya kuseka. Anakanda chibwano, kenako anayamba kuyenda pabwalo, kuyambira pa mita ya kumpanda mpaka kukhoma la khitchini, akuponda mchenga ngati akuuyesa. Mapeto ake anafunsa ngati Lonah amakonda mbatata.

Ndiye mmene zinayendera. Itakwana nthawi yake yolandira pa chilimba, ndalama zimene amayi a kumsika ankasonkherana mosinthana, Lonah anauza anzake kuti akufuna kulima. Inambao anabwera ndi khasu ngati waganyu wamba, n'kuyamba kuunga mizere pabwalo lonse. Mchenga wa ku Livingstone suvuta kukumba. Pakati pa mizereyo anakumba ngalande yakuya, ndipo paipi yatsopano, yakuda, yapulasitiki, inalowa pa wilibala itafunditsidwa matumba a makala. Agatha anatsamira pampanda n'kuyang'ana mizere ya mbatata, imene kumeneko amati kandolo.

"Bamake Chabota, mwapenga? Kandolo mu Ogasiti, ku nyumba ilibe manzi? Muzatilila na misozi?"

"Nikonzekela chabe mvula, ba Agatha."

"Iyee, ba farmer!" Agatha anaseka, n'kupita kukauza msewu wonse kuti mkazi wa Mweemba wayamba ulimi. N'chifukwa chake Lonah sanamuuze. Pakamwa pa Agatha panalibe chitseko. Sankanena zinthu mwa njiru ayi, zinkangotuluka zokha.

Ntchito yovuta inali ya m'nyumba. Panafunika kuswa simenti motsatira khoma, kuchokera kukhitchini kupita kubafa, kuchoka apo kuchimbudzi, ndipo hamala ilibe chinsinsi. Mwayi wake, tsidya la msewu kunali bambo wina wosula mbaula ndi zidebe, amene ankagogoda malata tsiku lonse. Inambao anatseka mawindo n'kumamenya tchizulo motsatana ndi wosulayo. Uyo akagogoda, iye ankagogoda. Uyo akapita kukadya, iye ankakhala pansi n'kumasuta. Ntchito ya masiku ochepa inatenga milungu, ndipo fumbi la simenti linalowa m'zovala, m'mbale, m'tsitsi la Chabota.

Mapaipi akale ankatuluka zidutswazidutswa, ena akuthetheka m'manja. Inambao anadula chimodzi n'kumupatsa Lonah kuti aone m'kati. Njira ya madzi inali itatsala kabowo koti n'kulowa chala chaching'ono cha mwana, ndipo mozungulira munali utope wakuda wonanda. Lonah anachigwira chidutswacho nthawi yaitali. Izi ndi zimene Lemmy ankamwa, iye ali kumsika kukangana ndi anthu za mtengo wa matimati. Anatuluka kuseri kwa nyumba n'kukalira chamumtima, chitenje chili kukamwa, kuti Agatha asamve.

Mapaipi amene ankaoneka kunja kwa khoma Inambao anawasiya pomwepo ndi dzimbiri lawo, osalumikiza ku chilichonse. Mpopi wapanja anausiya pa paipi yakale kuti uzilavulabe zofiira. Pansi pa sinki ya kukhitchini, kuseri kwa kansalu kotchinga mapoto, anaika kampopi kamodzi kotsekera madzi a nyumba yonse. Simenti yatsopano anaipaka polishi wofiira wosakaniza ndi dothi, pamwamba pake mphasa. Atamaliza anamuuza Lonah kuti atsegule yekha.

Madzi anatuluka oyera mbee, opanda chifuwa, opanda fungo. Lonah anatunga m'kapu, anayang'ana pansi pa kapuyo n'kuona maluwa ojambulidwa amene anali ataiwala kuti alipo. Tsiku limenelo anamusambitsa Chabota kawiri. Atamupukuta anamukhazika pamiyendo n'kumuphunzitsa bodza.

"Muntu aliyense akakufunsa, uzikamba kuti kuno kulibe manzi. Wamvela?"

"Na ba Agatha?"

"Na ba Agatha."

Mwanayo anabwereza mawuwo mpaka kuwaloweza, ndipo mayi ake anamuyamikira. Zinamupweteka Lonah kuona mmene mwana wake anaphunzirira msanga.

Khoma linauma. Chabota anasiya kutsokomola, masaya anayamba kubwerera. Rodwell anabwera tsiku lina Loweruka, Lonah atamuonera patali n'kutseka kampopi kaja. Anatsegula mpopi wapanja, zofiira. Wa kukhitchini, gwa, ngakhale dontho. Anapukusa mutu, anasiya masiwiti, anapita. Lonah anadziona wochenjera, ndipo kunena zoona anachenjeradi.

Koma bodza limafuna kulidyetsa tsiku lililonse. M'mawa uliwonse Lonah ankanyamulabe ndowa kupita kwa Agatha, kukatunga madzi amene sankawafuna, n'kukawathira pa mizere kuseri kwa nyumba, pamene anabzalapo mbatata pang'ono kuti nkhani ikhale ndi mutu. Nthawi imeneyo n'kuti mwana wa Agatha, Mukuka, atabwerera kwa mayi ake. Anali mnyamata wa zaka za m'ma makumi awiri, wogulitsa ziboliboli kwa alendo ku mathithi, wodziwa kupereka moni m'zinenero zambiri. Tsopano ankagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ataonda ndi matenda aja amene anthu sankawatchula dzina. M'mimba simunkamugwira kanthu. Pambali pake pankakhala kapu ya madzi ofiirira aja.

Lonah ankaiona kapuyo m'mawa uliwonse. Kangapo konse anadzaza botolo la madzi oyera kuti amutengere, n'kuima nalo pakhomo. Koma madzi oyera ku Maramba akanafunsidwa kumene achokera. Ankabweza botololo, n'kudziuza kuti mawa apeza njira. Akafika kwa Agatha ankapereka moni kwa wodwalayo, iye n'kukweza dzanja, "Bwanji ba neba," Lonah n'kutunga, n'kumapita.

Kenako kunabwera Okutobala. Amene sanakhaleko ku Livingstone mwezi umenewo asamanene za kutentha. Mchenga unkawotcha kudutsa patapata, mathithi enieniwo anatsala miyala mbali ya ku Livingstone. Madzi a m'tauni anachepa mphamvu, ndipo m'mapaipi otsekeka ndi dzimbiri analephera kudutsa. Msewu wonse unauma. Amayi ankapita ndi zidebe kumpopi wina wa kuseri kwa msika, kukaima padzuwa theka la tsiku. Mpopi wa Agatha unkangodontha mbandakucha, ndipo timadzi timeneto ankagawanabe ndi Lonah. M'nyumba mwa Lonah, paipi yatsopano inkabweretsa madzi, ochepa mphamvu koma osaduka. Ankasamba mawindo ali otseka, ndipo chimbudzi ankachigujumula pokhapokha wosula mbaula akamagogoda.

M'mawa wina, dzuwa litangotuluka, kunamveka mfuu kwa Agatha. Lonah anadziwa. Asanamange n'komwe chitenje anamva kugogoda, ndipo atatsegula anapeza Agatha ali chilili, wopanda mpango kumutu, maso ali gwa. Mawu aakulu aja anali atatha. Ankalankhula motsitsa ngati wina.

"Bamake Chabota, Mukuka ayenda. Aziwonongela pa kufa. Sinifuna bantu bamunyamule so. Pompi yanga yauma. Yaja manzi munatapa mailo, yasalako?"

Chabota anatulukira kumbuyo kwa mayi ake n'kuyankha mofulumira, monyadira kuti wakumbukira. "Kuno kulibe manzi."

Lonah anamva ngati wapondedwa pamtima. Madzi a dzulo aja anali atawathira kale pa mbatata. Anamuuza Agatha kuti adikire panja, analowa kukhitchini, anakankha chitseko, n'kugoneka ndowa cham'mbali kuti madzi asamveke potsika. Inadzaza pang'onopang'ono. Anaitulutsa n'kuiika pamapazi a Agatha.

Agatha anawerama kuti ainyamule, n'kuima ali chiweramire. Pansi pa ndowayo pankaoneka bwinobwino. Anaviika dzanja: madziwo anali ozizira, ongotuluka kumene m'nthaka. Anadzuka pang'onopang'ono, anayang'ana mizere ya mbatata, anayang'ana Lonah.

"Aya si manzi yanga," anatero.

"Ba Agatha…"

"Kuyambila liti?"

Lonah anayang'ana pansi. "Ogasiti."

Agatha anagwedeza mutu ngati munthu amene akuwerengera zinthu mumtima. "Mukuka enze kumwa vija vofiila paka mailo usiku. Enze kukamba ati, amai, vinunka nsimbi." Anasenza ndowayo n'kupita kukasambitsa mwana wake.

Pofika masana nyumba ya Agatha inali itasanduka ya maliro. Mtembo unatengedwa kupita kuchipatala, katundu anatulutsidwa panja, amayi anadzaza m'nyumba, abambo anakhala pansi pa mango. Maliro n'kulirana, ndipo kumeneko mwambo wake ngwakuti nyumba zoyandikana ndi siwa zimakhala za onse: uyu atulutsa mphasa, uyu mbale, uyu nkhuni. Lonah anatulutsa mphasa ndi mbale. Analowa m'nyumba ya maliro n'kukhala pakati pa amayi, akudikira kuti nkhani yake iphulike. Ankamudziwa Agatha. Ankangoyembekezera kuti pakati pa kulira atchula za ndowa ija, maso onse n'kutembenukira kwa iye.

Agatha sanatchule. Analira mwana wake, anatchula ziboliboli zake, nsapato zake, nthabwala zake, koma za madzi sanatsegule pakamwa. Amayi ena atafunsa kumene anapeza madzi osambitsira malemu, anangoti anasunga. Agatha sanamuyang'ane Lonah ngakhale kamodzi. Mkazi amene sankatha kusunga nkhani ya mbatata anasunga iyi tsiku lonse ndi usiku wake, mwana wake ali ku mochale, kosungira mitembo. Kwa Lonah zikanakhala bwino akanamutukwana.

Tsiku lachiwiri anthu anachuluka. Anabwera a kutchalitchi, anabwera anyamata a ziboliboli, anabwera abale ochokera ku Kabwe pa sitima. Madzi ndiwo panalibe. Zophika zinaima, mbale zinaunjikana ntchentche zili ng'waa, ana ankalira ludzu, ndipo kuseri kwa nyumba kunayamba kununkha. Mayi wina wokalamba wa kwaya anakomoka pakati pa nyimbo, anthu n'kumamukupiza ndi zitenje chifukwa panalibe chomuwaza. Mng'ono wake wa Agatha anayamba kusonkhanitsa amayi oti apitenso kumpopi wa kumsika, ndipo anamupatsa Lonah chidebe.

Lonah anachilandira. Anayenda ndi anzakewo mpaka pamsewu, dzuwa lili paliwombo. Kutsogolo kwake kunali mtsikana wina wodwala pakati, miyendo yotupa, amene anali atapitako kale m'mawa n'kubwerako ndi theka la chidebe. Anadutsa pa geti ya nyumba ya Lonah, pa mizere ija, ndipo Lonah ankadziwa kuti pansi pa mapazi awo pakuyenda madzi. Anaganiza za Rodwell. Anaganiza za Chabota ndi masaya ake. Anayesa kuponya phazi lina, koma linakana.

"Bwelani kuno," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndipo anabwereza. "Bwelani kuno, muli manzi."

Anawalowetsa kukhitchini, anakokera kansalu kaja pambali onse akuona, n'kutsegula. Madzi oyera anatuluka. Kenako wina anaseka, wina anati "Yesu!", wina anayang'ana Lonah kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Posakhalitsa mzere wa zidebe unachoka pa sinki, kudutsa pabalaza, kutuluka pakhomo mpaka kumsewu. Ena anali a pamaliro, ena ongomva. Ankathokoza ndithu, koma akatuluka panja ankanong'onezana, ndipo Lonah ankamva dzina la Mukuka m'manong'onongowo.

Rodwell anafika chakumadzulo. Mukuka ankadziwika kwa onse onyamula alendo, ndiye kampani inabwereketsa lole kuti ibweretse nkhuni pamaliro. Atatsitsa nkhunizo anaona mzere wa amayi ukulowa m'nyumba ya mkulu wake. Anaima pang'ono, manja m'chiuno. Kenako analowa, akupepesa amayi mwaulemu kuti amupatse njira.

Lonah anali pa sinki, akusinthira anthu zidebe. Rodwell anatenga kapu, anatchera, anamwa yonse. Anagwada n'kusuzumira kuseri kwa kansalu. Anapita kuchipinda kukagwira khoma, anakweza mphasa ndi phazi n'kuona mzere wa simenti yatsopano. Analowa kuchimbudzi, anakoka tcheni, ndipo anaima momwemo kumvetsera mpaka thanki itadzaza. Anatuluka nkhope ili yowala. Sanakwiye ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa Lonah koposa.

"Mulamu, mwasebenza," anatero. "Nchito yabwino maningi. Malilo yasile, tizakambisana."

Mukuka anaikidwa mawa lake. Lole yomweyo ndi imene inanyamula anthu kupita kumanda ndi kubwerera, ndipo Rodwell atawatsitsa anawoloka mpanda n'kukhala pakhonde la Lonah. Anayamba ndi kuyamikira mmene mwambo unayendera. Kenako anati abale ku Kalomo anagwirizana kale kuti nyumba ikadzakhala bwino iyambe kugwira ntchito, kuti ithandize banja lonse. Anati pali azungu amene akusowa pogona mwezi womwewo.

Lonah anagwada pansi, chinthu chimene sanachitepo kwa Rodwell. Anamuuza za Lemmy, za utope wa m'paipi, za chifuwa cha Chabota. Anamuuza kuti mapaipiwo anaika ndi thukuta lake, la matimati.

"Ni zoona, mapaipi ni yanu," anayankha Rodwell modekha. "Ngati mufuna, zulani mutenge. Koma nyumba ni ya ba Mweemba."

"Nanga mwana wa ba Mweemba?"

"Mulamu, muziba mwambo watu. Kwatu mwana ni wa kuchikazi. Sitingamupokeni." Anaimirira n'kukonza kolala. "Muli na ba anti banu ku Simonga, si so? Pa Satade motoka izankala free. Nizakupelekani neka, simuzalipila."

Anakwaniritsa mawu ake. Loweruka m'mawa lole inaima pa geti, ndipo katundu wa Lonah sanadzaze ngakhale ngodya imodzi: mphasa, mapoto, thumba la zovala, ndowa. Ku Simonga, kwa azakhali ake, madzi ankatunga pachitsime chosavundikira chimene ankamweranso mbuzi. Lonah ankachidziwa chitsimecho. Anadzaza mabotolo onse amene anapeza m'nyumba, n'kuwaika pamiyendo ya Chabota m'lolemo, ngakhale ankadziwa kuti sangafike Lachitatu.

Asanakwere anapita kwa Agatha. Alendo a maliro anali atabalalika. Anamupeza atakhala yekha pakhonde, atavala zakuda, akuyang'ana pansi pa mango pomwe mchenga unali wosalala chifukwa cha mphasa. Lonah anakhala pansi chapatali. Anali atakonza mawu ambiri, koma onse anathawa.

"Ba Agatha, niyenda."

"Namvela."

"Nenze na manta. Nenze kuyopa kuti mukaziba, nkani izafika kuli ba Rodwell."

Agatha anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni zija anamuyang'ana m'maso. Sanali wokwiya. Anali wotopa, ngati munthu amene wayenda ulendo wautali wopita pachabe.

"Sembe munaniuza, bamake Chabota," anatero. "Sembe ninasunga. Botolo imozi chabe pa siku, yopisa pa waya kuseli, ndani sembe anaona? Mwana wanga sembe anafa ndithu, niziba. Koma sembe anafa akumwa manzi yabwino. Na imwe sembe mukali mu nyumba yanu."

Zinali zoona. Kumsewu Rodwell analiza hutala, kawiri, mosakalipa. Chabota ankaitana mayi ake. Lonah anadzuka, anakutumula mchenga pachitenje, ndipo anayenda kupita ku lole. Atafika pa geti anacheuka. Agatha anali atalowa kale m'nyumba n'kutseka chitseko.